Ng'ombe ikukukuta mafupa, chonsecho nsenjere ili biriwiri

Mayi wina wa ku Chiradzulu wandilembera kuti ng'ombe yake ya mkaka ikutafuna mafupa ndi kunyambita dothi la m'khola, chonsecho nsenjere imadya yokwanira. Akufunsa ngati yalodzedwa.

Mayi, mwandikumbutsa manyazi anga. Tsiku lina m'mawa ndinapeza yanga itagwira fupa la mbuzi, ikulikukuta ngati galu, dovu lili chuchuchu. Malemu agogo anangoti, "Iyi aiponda, kaitaneni sing'anga." Sing'anga sindinamuitane, koma zomwe ndinachita nazonso zinali zopusa: ndinagula thumba lina la yuriya n'kukathira ku nsenjere. Udzu unakula kupitirira mutu wanga. Ng'ombe osasiya mafupa ake, mkaka ukutsikiratsikira, chaka n'kutha osatenga bere.

Munda umenewo unali wa katondo. Zaka zisanu ndinkamweta nsenjere n'kusenzera kukhola, koma ndowe ndinkagulitsa kwa anzathu a madimba a tomato. Ndinkadziona wochenjera. Osadziwa kuti mtolo uliwonse ukutuluka ndi michere ya m'nthaka, yosabwereranso. Katondo wowawasa amamanga fosiforasi (mchere womwe ng'ombe ikausowa m'thupi imayamba kukukuta mafupa), mizu n'kumalephera kumukoka, ndipo udzu sungapatse ng'ombe chomwe sunachipeze pansi. Chakudya cha mbewu chomwe chili mu yuriya ndi nayitrojeni yekhayekha, magawo 46 pa 100 alionse. Amabiriwitsa tsamba basi, ndipo mukamuthira chaka ndi chaka amawawasitsa dothi. Ndinene mosabisa: tazolowera kuyeza udzu ndi maso, ndipo ogulitsa feteleza ena amasangalala nazo zimenezo.

Nkhaniyitu si yathu yokha. Zaka zoposa 100 zapitazo, alimi a dera la Vryburg ku South Africa ankataya ng'ombe zambiri ndi nthenda yopuwalitsa yotchedwa lamsiekte. Arnold Theiler ndi anzake ndi omwe anapeza kuti udzu wa kumeneko unalibe fosiforasi wokwanira, ng'ombe zinkathamangira mafupa a nyama zowola, n'kumeza poizoni wa tizilombo tomwe tinali m'menemo. Agogo akanamva akanati azungu nawonso amalodzana.

Ndipo si ziweto zokha. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2011 anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri m'Malawi muno chili ndi seleniyamu (mchere wofunika m'thupi la munthu) wochepa, pomwe cha m'makande a ku Chigwa cha Shire chili naye wambiri. Mbewu imodzimodzi, nsima yosiyana. Ndikadya nsima ya ku Chikwawa ndimaseka ndekha, ati kutentha konse kuja kuli ndi malipiro ake.

Tsono muchite chiyani, mayi?

Lero lomwe tolani mafupa onse pafupi ndi khola, mukawakwirire patali. Gulani mchere wonyambita wa ng'ombe, koma muwerenge pachikutopo kuti muli fosiforasi, chifukwa mchere wa m'ndiwo sungathetse vutoli. Madeya ali ndi fosiforasi koma kashiamu ndi wochepa, ndiye muziphatikiza masamba a lukina, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Ikayamba kutsimphina kapena kuvutika podzuka, itanani alangizi a ziweto msanga. Ndowe zonse zibwerere ku nsenjere. A tomato akadzabwera ndi ngolo yawo, muwauze kuti zatha.