Madzi m'buti ya Honda Fit: musabowole pansi, pezani polowera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pano chifukwa dzinja lafika, ndipo ambiri a ife amene timayendera timagalimoto takale tochokera ku Japan tikulimbana ndi vuto lomweli. Mwachidule, iwo analemba kuti: "Ndili ndi Honda Fit yakale ija ya mtundu woyamba, wa GD1. Mvula ikangogwa ndimapeza madzi atadikha m'dzenje la tayala la sipeya, jeki yachita dzimbiri, ndipo m'galimoto mukununkha chinyezi moti ana akudandaula. Ndinagula labala wina wa chitseko cha buti ku Kaguvi Street n'kumuika, koma madzi akulowabe. Kodi ndingobowola pansi kuti azituluka?"

Bambo, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi funso lanu lomaliza: musabowole. Pansi pa dzenje limenelo nthawi zambiri pamakhala kale chitsekero cha labala chimene mungathe kuchotsa kuti madzi atsike, koma mukatero muchibwezeretse pamalo pake. Bowo losiyidwa poyera limalowetsa fumbi, limalowetsa madzi a m'maenje a m'misewu yathuyi, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti lili pafupi ndi paipi ya ekizozi. Galimoto yopanda mchira ngati Fit ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kubwerera ku chitseko cha buti, motero mpata uliwonse kumbuyoko ungathe kukokera utsi m'kati momwe mwakhala ana anu. Komanso chitsulo chimene mwachiboola ndi dirilo n'kuchisiya chopanda penti ndicho chimayamba kudyeka ndi dzimbiri.

Za labala amene munagula uja, sindikuuzani kuti munataya ndalama, pakuti mwina wakaleyo anali atatopa kale, koma munachita zimene pafupifupi aliyense amachita, zoyamba kugula mankhwala matenda asanadziwike. Dzenje la tayala la sipeya ndi malo otsika kwambiri kumbuyo kwa galimoto, choncho madzi olowera pena paliponse amathera momwemo. Angathe kulowera kudenga, n'kuyenda mobisika kuseri kwa mapulasitiki a m'mbali, n'kudzaonekera pansi patali ndithu ndi pamene analowera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ntchito yanu yonse ndi kulondola khwawa limenelo kuchokera pansi mpaka kugwero lake.

Pa galimoto yanuyo pali malo amodzi amene ndikanayamba kuwakayikira ndisanayang'ane kwina kulikonse. Honda Fit ya mtundu woyambawu, imene ku Japan inapangidwa pakati pa 2001 ndi 2007 ndipo m'maiko ena imatchedwa Jazz, imadziwika ndi kudontha pamsoko wa denga. Mukayang'ana pamwamba muona timizere tiwiri takuda ta pulasitiki toyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kamodzi mbali iliyonse. Pansi pa timizereto pali kangalande pamene chitsulo cha denga chinalumikizidwa ndi chitsulo cha m'mbali, ndipo kufakitale anamatapo phala lotseka msoko n'kupakapo penti. Pakapita zaka phalalo limauma n'kung'aluka, makamaka kumapeto kwa kangalandeko, pafupi ndi mahinjesi a chitseko cha buti. Mng'alu wake umakhala wopyapyala ngati tsitsi, moti munthu angathe kuuyang'ana osauzindikira, koma madzi onse a padenga amadutsa pomwepo. Kuno ku Harare tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa, ndipo galimoto imene yakhala padzuwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, n'kumagwedezekanso m'maenje tsiku ndi tsiku, siichedwa kung'aluka pamalo amenewa. Ichi n'chifukwa chake ambiri amadabwa kuti galimoto imene inali youma chaka chatha yayamba kudontha ndi mvula yoyamba ya mu Novembala.

Komabe kukayikira si kupeza, ndiye chitani motere. Sankhani tsiku lowala dzuwa, mutulutse zonse za m'buti: kapeti, bolodi lophimba tayala, tayala lenilenilo, jeki ndi zipangizo zake. Muchotsenso mapulasitiki a m'mbali zonse ziwiri ndi amene ali pakhomo la buti, mosamala chifukwa timakilipi take tikakalamba timathyoka msanga, ndipo ndi bwino kuti mukhale ndi tina tapadera. Mukape madziwo, mupukute paliponse mpaka chitsulo chiume gwa. Musanathire dontho ndi limodzi lomwe, tengani tochi muyang'ane bwinobwino, pakuti fumbi lofiira limene limalowa m'galimoto nthawi ya chilimwe limasunga mbiri yonse, ndipo pamene madzi akhala akuyenda pamatsala mkwasa wooneka ngati njira ya nkhono. Ngati mkwasawo sukuoneka, wazani paudala wa ana pang'ono pazitsulo za m'mbali, pansi pa nyali zakumbuyo ndi m'mphepete mwa khomo lonse, kuti dontho lililonse lodutsa lisiye chizindikiro.

Kenako mufunika munthu wachiwiri. Inu mupinde mipando yakumbuyo, mugone m'kati ndi tochi, chitseko cha buti chitsekedwe, ndipo mnzanuyo aime kunja ndi madzi. Ndikudziwa kuti m'madera athu ambiri pampopi pamatha masiku osatuluka kanthu, ndipo palibe amene angalole kuti madzi otunga kuchitsime cha bohoro atayidwe pagalimoto, koma ntchitoyi siifuna paipi. Ndowa imodzi ndi botolo la malita awiri lobooledwa pachivindikiro n'zokwanira, ndipo kunena zoona botolo limaposa paipi chifukwa limathira malo amodzi okha. Lamulo lake ndi limodzi, loyambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono. Ayambe ndi nyali yakumanzere, athire kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, asiye, inu mudikire n'kuyang'ana. Atero ndi nyali yakumanja, kenako m'mbali mwa chitseko, kenako galasi ndi pamene patulukira waipa, ndipo pomalizira pake mahinjesi ndi ngalande za padenga. Mukayambira kudenga madzi anyowetsa malo onse nthawi imodzi ndipo simudziwa kuti alowera pati. Kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa dontho lolowera pamsoko wa denga limatha kutenga mphindi zingapo lisanatulukire m'buti.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira pa Toyota Vitz imene ndinali nayo. Ndinasintha labala, ndinamata galasi, koma kapeti ankanyowabe mbali ya kumanja. Tsiku lina Loweruka ndinagona m'kati, mutu uli pafupi ndi gudumu, mphwanga akuthira madzi kunja. Atafika pa nyali yakumanja ndinaona kadontho kamodzi kakutupa pamutu pa bawuti yogwira nyaliyo, kenako kanatsetsereka n'kudula mzere wakuda pakati pa paudala woyera uja, ndipo pambuyo pake panabwera ena motsatizana. Titamasula nyaliyo tinapeza kuti siponji yotseka pakati pa nyali ndi chitsulo inali itaphwatalala ngati pepala, ndipo pakona yake panalibiretu. Galimotoyo inali itagundidwapo kumbuyo ndisanaigule, ndipo amene anaiwongola anangobwezera nyali ndi siponji yakale yong'ambika.

Nyali zakumbuyo, tsono, ndi malo achiwiri amene muyenera kuwaganizira, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Mumasule manati ake, amene kawirikawiri amafuna sipanala ya 8 kapena 10, mutsuke malowo, muike siponji yatsopano kapena mudule ina pa labala wofewa potsata chithunzi cha yakaleyo. Tepi yakuda yomata ya butyl imagwiranso bwino ntchito pamenepa chifukwa siiuma, ndipo tsiku lina mudzatha kuchotsanso nyaliyo. Pomanga musalimbitse mopitirira, pakuti pulasitiki ya nyali imang'aluka ndipo mudzakhala mwatsegula khomo lina.

Malo achitatu ndi amene eni magalimoto ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Kuseri kwa bampala yakumbuyo, cham'mbali, kuli kazenera ka pulasitiki kokhala ndi timalilime ta labala, kamene kamatulutsa mpweya mukamatseka zitseko kapena mukayatsa fani. Kazenera kameneka kakasuntha m'malo mwake, kapena timalilimeto tikapindika ndi fumbi, madzi othovulidwa ndi matayala amalowa. Chizindikiro chake n'chakuti buti imanyowa mukayenda pamvula koma imakhala youma galimoto ikangoima panja. Musakatseke ndi guluu kazenerako, chifukwa zitseko zidzayamba kuvuta kutseka ndipo magalasi azidzachita nkhungu. Mukatsuke, mukabwezeretse bwino, kapena mupeze kena kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasulidwa ku Gazaland ku Highfield.

Zotsalazo ndingozitchula mwachangu. Pali kachubu ka labala kodutsitsa mawaya kuchokera kudenga kupita m'chitseko, kamene kamatha kuvuka. Pali labala wa patsinde pa waipa yakumbuyo. Pali nyali yachitatu ya mabuleki ndi tsinde la eriyo ngati ili padenga. Madziwo muwanunkhizenso, chifukwa akakhala ndi fungo la sopo ndiye kuti si a mvula ayi, koma kapaipi kopita kukatsuka galasi lakumbuyo kaduka penapake.

Labala wanu watsopano uja mumuyesenso. Ikani kapepala pakhomo, mutseke chitseko, mukoke. Kakatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo labala sakupanidwa, ndipo mubwereze zimenezi kuzungulira khomo lonse. Nthawi zina vuto silikhala labala koma kachitsulo kamene loko amakola, kamene mungathe kukamasula n'kukasunthira m'kati pang'ono kuti chitseko chizitsekeka molimba. Muonenso kuti polumikizira labalayo pali pansi, pafupi ndi loko, osati pamwamba, komanso kuti ngalande yozungulira khomolo ndi yoyera. Amene mumaimika galimoto pansi pa mitengo ya jakaranda mukudziwa mmene maluwa ake amagwera mu Okutobala. Akawolerana m'ngalandemo amatseka njira, madzi n'kusefukira pamwamba pa labala wabwinobwino. Ndipo chonde musamudzoze oilo wa injini kapena girisi monga ena amachitira, chifukwa mafuta amenewa amatupitsa labala n'kumuononga. Sipuleyi ya silikoni ndiyo yoyenera.

Tibwerere kudenga, kumene ndikukhulupirira kuti kuli vuto lanu. Mukatsimikiza kuti madzi akulowera pamenepo, kwezani timizere takuda tija mosamala kuyambira kumbuyo, mutsegule chitseko cha buti, ndipo mupale phala lonse long'aluka mpaka mufike pamene lili lolimba. Kungomata pamwamba pa mng'alu n'kudzinyenga, chifukwa madzi adzapeza njira pansi pake. Ngati pali dzimbiri mulikwechese ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mupakepo penti yoyamba yoteteza dzimbiri, ndipo ikauma mumatepo phala la polyurethane, monga la Sikaflex kapena lina lolembedwa kuti ndi la misoko ya magalimoto. Mulisalaze ndi chala chovala gulovu, mulifikitse mpaka pansi pa mahinjesi ndi m'makona momwe zitsulo zitatu zikumana, ndipo muchite mbali zonse ziwiri ngakhale ikudontha ndi imodzi, pakuti zinamatidwa tsiku limodzi ndipo zakalamba limodzi. Mulipatse tsiku lathunthu kuti liume galimoto ili pamthunzi posagwa mvula, kenako mupake penti pamwamba kuti dzuwa lisaliononge.

Apa ndiyenera kukuchenjezani za silikoni wa m'bafa, amene ambiri amathamangira chifukwa ndi wotchipa ndipo amapezeka m'hadiweya iliyonse. Mtundu umene umanunkha ngati viniga umatulutsa asidi pouma, ndipo asidiyo amadya chitsulo chopanda penti pansi pake pamene inu simukuona. Penti siigwira pa silikoni, ndipo tsiku limene adzamatuke, phala lina lililonse lidzakana kugwira pamalopo mpaka mutapala kotheratu. Ndaonapo galimoto zomatidwa silikoni kuzungulira nyali, galasi ndi denga ngati keke yaukwati, koma m'buti muli chithaphwi.

Pali zinthu ziwiri zimene sindikulangizani kuti muchite nokha. Ngati madzi akulowera m'mphepete mwa galasi lakumbuyo, galasilo liyenera kuchotsedwa n'kumatidwanso ndi odziwa ntchito ya magalasi. Ndipo kwa owerenga amene muli ndi Fit Hybrid ya GP1, haibulidi yoyendera petulo ndi magetsi, imene inatuluka mu 2010, dziwani kuti batire lalikulu la galimoto imeneyo lili pansi pa buti penipeni. Mukapeza madzi mmenemo musakhudze mawaya a mtundu wa lalanje, chifukwa amanyamula magetsi amphamvu, ndipo musazengereze kupita kwa makaniko wodziwa mahaibulidi, pakuti mtengo wa batire limenelo ndi wosayerekezeka ndi wa chubu chimodzi cha phala.

Inu bambo, mukamaliza kumata musafulumire kubwezera mapulasitiki ndi kapeti. Bwerezani kuthira madzi ndi botolo lija, kenako muyale nyuzipepala youma m'dzenje la tayala ndi m'mbali, muyende nayo choncho mpaka igwe mvula yamphamvu kawiri kapena katatu. Pakali pano kapeti ndi thonje la pansi pake muzichape ndi kuziyanika padzuwa kwa masiku angapo, chifukwa thonjelo limasunga madzi ngakhale pamwamba pakuoneka pouma, ndipo fungo limene ana akudandaula likuchokera mmenemo. Mulowetsenso dzanja pansi pa mipando yakumbuyo kuti mumve ngati madzi anafika kumeneko. Jeki muikwechese n'kuipaka girisi pa ulusi wake, ndipo tayala la sipeya mulipime mpweya musanalibwezere.