Ayi achemwali, si zitsulo chabe

Mayi wina wandilembera imelo. Amayi ake akubwera ku Seattle kudzaona mdzukulu, ndiye akufunsa ngati angawatengere ku Olympic Sculpture Park, paki ya ziboliboli zikuluzikulu zoikidwa panja, poti amuna ake akuti kumeneko kuli zitsulo zadzimbiri basi, za azungu.

Mawu amenewo andiwawa, achemwali. Amayi anga atabwera kuno ndinkawaona akufota. Tsiku lonse ali bindikiro m'nyumba, kunja mvula yamawawa, kulikonse kumene tingapite n'kolipira. Tsiku lina dzuwa litawala tinapita nawo ku pakiyo n'kutsika njira yake yokhotakhota, yodutsa pamwamba pa msewu wa Elliott Avenue ndi njanji mpaka kukafika kumadzi. Titafika pa Wake, zimphona zisanu zachitsulo zimene anapanga Richard Serra, analowa pakati pake n'kumazungulira, akuseka okha. Nditawauza kuti dzimbirilo ndi ladala, anati, "Ameneyu chitsulo amachidziwa." Pa Eagle (kutanthauza chiwombankhanga) ya Alexander Calder, yofiira psuu, ya mu 1971, tinatsutsana mpaka kalekale ngati ndi chiwombankhangadi. Usiku umenewo anaimbira foni achemwali awo kumudzi, nkhani yake yomweyo.

Komatu chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi malowo. Kale kampani ya Unocal inkasungirapo mafuta, dothi lake n'kuipitsidwa. Seattle Art Museum pamodzi ndi bungwe loteteza malo la Trust for Public Land anawagula mu 1999, n'kuwatsegula mu Januwale 2007, ndipo sanaikepo geti lolipiritsa. Maekala 9 m'mphepete mwa Elliott Bay, pakati pa mzinda wodula chonchi! Ine ndinakulira ku Mangochi, komwe gombe labwino latha ndi mipanda ya makoteji, mwana wa msodzi n'kumalambalala kuti akafike kunyanja ya makolo ake. Ndiye wina asandiuze kuti gombe laulere ndi za azungu. Sindingavomere, ngakhale pang'ono.

Tsono mupite bwanji?

Kulowa n'kwaulere, tsiku lililonse kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Yambirani kumtunda, ku Western Avenue, kuti agogowo azingotsetsereka. Atenge juzi, mphepo ya kunyanja imazizira. Zosemazo saloleza kugwira, mdzukuluyo akamayenda mumuyang'anire. Kumunsi mupeza Echo, mutu woyera wa mamita 14 wa Jaume Plensa, wopenya ku mapiri a Olympic. Amuna anuwo musawasiye kunyumba, akaone okha dzimbirilo.