Mutu wa gitala umayambira pa mawaya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Senga Bay, kalipentala wokhoma mipando ndi zitseko, amene tsopano akupanga gitala yawo yoyamba ya mawaya achitsulo. Analemba kuti: "Bambo, bokosi ndamaliza, khosi ndadula la mbawa koma kumutu sindinaseme. Sindikufuna kukopera magitala a makampani a Fender kapena Gibson. Ndikufuna mutu wangawanga, woti munthu akangouona adziwe kuti gitalayi ndi ya kunyanja. Ndajambula mchira wa chambo. Ndiyambire pati?"

Achimwene, pepala la chambolo liikeni kaye pansi pa mkeka. Musalitaye, tilifuna, koma osati lero.

Ndikutero chifukwa nanenso ndinapsa nawo mchira wa nsomba. Gitala yanga yachiwiri ndinaisemera mutu wotambasuka kunsonga, ndipo unali wokongola zedi, anthu opita kumsika pano pa Nkhotakota ankaima pakhonde kuuyang'ana. Mabowo a makiyi, tizitsulo tokungira mawaya, ndinaboola nditasema kale, potsata m'mphepete mwa thabwa. Tsiku lomanga mawaya ndi lomwe ndinaona malodza. Waya wachitatu, wa G uja, pochoka pa nut (kachidutswa ka timizere kamene mawaya amadutsapo pamene khosi lakumana ndi mutu) unkathawira kunja kukafuna kiyi wake, ndipo panjira unkakhula kamzati ka kiyi kokulungapo waya wachiwiri, wa B. Ndikakunga G, B nayenso amasuntha. Ndikabweza B, G amalira "ting" pa nut n'kudumpha. Mnyamata amene anaigula anaibweza patatha masabata awiri, akuti gitala yanu, bambo, siimva kutchuna. Sananame.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pa mutu wa makiyi atatu uku atatu uku, mawaya apakati, G ndi D, ndi amene amapita kutali kwambiri, kunsonga. Pa nut ali pakatikati pa khosi. Mutu ukatambasuka ngati mchira, makiyi awo amapita kumbali, waya n'kupindika kwambiri pa nut, n'kumakakamira m'kamzere kake. Ndiye mutu wabwino kwa mawaya ndi wocheperachepera kunsonga, zosiyana kotheratu ndi chambo chanu. Onani mutu wa magitala a kampani ya PRS mmene unawondera kumapeto. Sanachite zimenezo pofuna kukongoletsa chabe, anafuna kuti waya uliwonse uyende pafupifupi mowongoka.

Tsono yambani chonchi. Gulani makiyi kaye, akhale m'manja mwanu pensulo isanakhudze pepala. Makiyi amasiyana: otsekedwa kumbuyo amasiku ano ambiri amafuna bowo la mamilimita 10, akale otseguka amafuna locheperapo, ndipo olumikizana atatu pa chitsulo chimodzi amakulamulani okha kutalikirana kwa mabowo. Mukagula pambuyo mudzapeza kuti khutu la kiyi, pogwira potchuna paja, silikutulukira bwino kunja kwa thabwa, kapena makutu awiri akugundana chala osalowa pakati. Kuchindikala kwa mutu nakonso kumachokera kwa kiyi. Mamilimita 15 amayenda ndi makiyi ambiri, koma yezani anuwo: kabowo kolowetsa waya kazitulukira bwino pamwamba pa thabwa kuti waya uzungulire kawiri kapena katatu.

Kenako tengani pepala lalikulu, lembani mzere wapakati, jambulani nut pa muyeso wake weniweni. Pa gitala ya mawaya achitsulo kawirikawiri imakhala mamilimita 43 kapena kuposerapo pang'ono. Ikani timadontho 6 pamene mawaya adzadutse, ndipo kuchokera pa kadontho kalikonse kokani mzere wopita kunsonga. Ikani makiyi enieniwo papepalapo, muwasunthesunthe mpaka waya uliwonse ufike m'mbali mwa kamzati kake, mbali yamkati, osakhudza ka mnzake. Mukatero zungulizani pensulo m'mphepete, kusiya thabwa lokwanira kuti chitsulo cha kumbuyo kwa kiyi chikhale chonse pamtengo. Mudzaona kuti mbali ziwiri za mutu zajambulika zokha, inu simunasankhe kanthu.

Chatsala chanu ndi chiyani? Kunsonga kokha, masentimita atatu kapena anayi kupitirira makiyi omaliza, ndi kakhosi kamene mutu umatambasukira pochoka pa nut. Musakhumudwe kuti malowo achepa. Gibson timaidziwira patali chifukwa cha kamzere kakunsongako, konga buku lotsegula, ndipo mu 1977 anasumira kampani yogulitsa magitala a Ibanez ku America chifukwa cha kamzere komweko. Martin, kampani ya magitala imene inayamba mu 1833, mutu wake wodziwika ndi thabwa lodulidwa mowongoka basi, ngati mwana wa sukulu walemba ndi rula. Ndipo amene mukuopa kuwakoperawo nawonso anaonera kwa ena. Makiyi onse 6 mbali imodzi ndi nsonga yopiringizika, zimene timati ndi za Stratocaster, gitala ya Fender ya 1954, wopanga magitala Johann Stauffer wa ku Vienna ankapanga kale m'zaka za m'ma 1800, ndipo wopanga magitala wina, Paul Bigsby, anali atasema mutu wofananako mu 1948. Kuonera kulibe mlandu. Kuipa n'kutenga mutu wa eni ake wathunthu n'kulembapo dzina lanu.

Apa tsopano tulutsani chambo chija. Mchira wonse sungalowe, koma kamphanda kake kangalowe. Dulani kampata kosaya kunsonga, mamilimita 8 kapena 10 kulowa mkati, nyanga ziwirizo zikhale zobuntha. Zosongoka zimathyoka tsiku loyamba gitala ikatsamira khoma, komanso zimaboola chikwama. Ine ndikanakhala inu ndikanatalikitsa nyanga imodzi pang'ono, ya mbali ya mawaya aakulu, kuti pasaoneke ngati V wolembedwa dala. Pitani padoko m'mawa asodzi akamakocheza, muone michira yeniyeni, muonenso nsonga ya bwato ndi ya nkhafi. Mutu wa magitala anga amasiku ano ndinautenga ku nkhafi ya nkhalamba ina ya ku Chia, imene inadyeka mbali imodzi ndi mchenga. Palibe amene amazindikira kuti ndi nkhafi, amangoti "iyi ndi ya bambo aja", ndipo kwa ine zimenezo zakwana.

Musaseme mbawa yanu msanga. Dulani katoni, muipachike pa msomali, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi. Muione madzulo dzuwa lili kumbuyo kwake, pamene mukuona mthunzi wokha, chifukwa woimba akakhala kutsogolo m'tchalitchi kapena paukwati anthu amaona zomwezo. Mizere yambiri yokhotakhota imene imasangalatsa pabenchi imasanduka phala patali. Ikhale pamsomalipo masiku atatu. Ikakhala kuti sinakutopetseni, isamutsireni pa pulaiwudi, muboole timabowo ta makiyi, chikhale chikombole chanu cha magitala onse akubwera.

Pali chinthu china chimene simunafunse koma chandidetsa nkhawa. Mwati khosi mwadula. Mwadula bwanji? Mawaya achitsulo onse pamodzi amakoka mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, ndipo mutu umayenera kuweramira kumbuyo kuti mawaya akanikize nut. Gibson anaweramitsa madigiri 17, nthawi ina 14, khosi ndi mutu zosemedwa ku thabwa limodzi. Zikatero mitsempha ya mtengo imadukizika kumbuyo kwa nut, pomwe pali kale mphako ya chitsulo chowongolera khosi, ndipo n'chifukwa chake magitala awo amatchuka ndi kuthyoka mutu akagwa. Mbawa yathuyi ndi m'bale wake wa mtengo umene iwo amagwiritsa ntchito, ndiye musaganize kuti yanu idzapulumuka ikadzagwa pa kabaza. Ngati thabwa likadali lowongoka, lichekeni mopendekera madigiri 13 mpaka 15, mutembenuze chidutswacho, mupale nkhope ziwirizo ndi puleni mpaka zigwirane popanda kuwala kudutsa, mumate ndi guluu. Mitsempha idzayenda motsata mutu. Pamwamba matanipo kathabwa kopyapyala ka mlombwa, mamilimita awiri, kophimba polumikizirapo. Inu a zitseko simungasowe chidutswa chouma bwino. Koma mutu wonse usakhale wa mlombwa, ungalemere, woimba n'kumangonyamula khosi ndi dzanja lamanzere nyimbo yonse.

Poboola, yambirani kumaso, kumbuyo mutapanira thabwa lina lotha ntchito kuti dirilo isang'ambe potuluka. M'mabowomo pakanimo vanishi pang'ono. Kwanu ku Senga Bay ndi kuno chinyontho n'chimodzimodzi, mvula ikayamba mu Disembala thabwa limamwa madzi podzera m'malo osapakawo.

Nditumizireni chithunzi cha pepala lija, mizere 6 ndi makiyi ali pamalo pake, sowo musanaigwire. Mujambule kuchokera pamwamba penipeni, rula ili pambali, kuti ndione waya wa G ukudutsa motalikirana bwanji ndi kamzati ka B.