Mbale zanga zija musagulitse

Eya, uthenga wako ndaumva, mwana wa mlongo wanga. Ndati ndiyankhe pamawu chifukwa zolembalemba pafoni zimandichedwetsa. Ukuti pokonza chipinda cha agogo ku Zomba mwapeza katoni ija ya mbale zanga za galamafoni, ndipo pali bambo wina akufuna kugula zonse, nanga si nyimbo masiku ano zili pafoni. Ayi ndithu, musagulitse. Bamboyo mumuuze mwaulemu kuti eni ake akana.

Paja mbale zinazo zili kuno ndi ine. Galamafoni yanga inangokhala zaka zambiri, lamba wake atatha, ndiye posachedwapa ndakonzetsa, ndagulanso singano yatsopano. Moti madzulo aliwonse ndikumatulutsa chimbale chimodzi, kupukuta, kuika, n'kukhala pansi. Mbali imodzi imatha mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono, kenako uyenera kudzuka kukatembenuza. Palibe zodumphadumpha. Ndiye nyimbo zija tinkazipitirira tili anyamata chifukwa chothamangira imene inatchuka pa wailesi, pano ndi zimene zikundigwira mtima.

Ndinayamba ndi gulu la ku England la Dire Straits, chimbale cha 1985 chija cha Brothers in Arms. Mtsogoleri wa gululi, Mark Knopfler, amaimba gitala ndi zala zenizeni, sagwiritsa ntchito kapulasitiki kokhwatchira kaja, ndipo ukatchera khutu umamva chala chikukoka nsambo. Koma taona zake: chimbale chomwechi ndi chimene chinathandiza kwambiri kuti anthu athamangire ma CD, chinagulidwa makope oposa 1 miliyoni pa CD pamene ambiri anali asanazolowere n'komwe. Pa mbale yakuda nyimbo zina anachita kuzidula kuti zikwane. Ine ndi zodulazo zimene ndinakula nazo, khutu langa limadziwa pamene zithere.

Koma zimene zandikhazika pansi kwenikweni ndi za makina zija, zimene ankazitcha synth-pop. Anzathu okonda gitala ankanena kuti si nyimbo zimenezo, n'zongodina mabatani. Abwere adzamve. Tenga The Human League, a ku Sheffield, mzinda wa mafakitale a zitsulo ku England. Chimbale chawo cha Dare chinatuluka 1981, ng'oma zake ndi za makina, ndipo atsikana awiri oimbamo aja anawapeza akuvina m'kalabu akadali ana asukulu. Mawu awo si a akatswiri ayi, ndi mawu a atsikana wamba, n'chifukwa chake umawakhulupirira. Ndiye pali Vince Clarke. Mnyamata ameneyu anayambitsa nawo gulu la Depeche Mode ku Basildon, ku England komweko, analemba nyimbo zambiri za chimbale chawo choyamba mu 1981, basi n'kuchoka. Chaka chotsatira anatulukira ndi Alison Moyet, gulu lawo la anthu awiri okha, Yazoo. Iii, mwanawe, mayi ameneyu! Kumbuyo kukulira timakina toonda, touma, ti-ti-ti, pamwamba pake pakubwera mawu olemera, akuya, ochokera pansi pa chifuwa. Ndinaimitsa kapu ya tiyi m'mwamba mpaka nyimbo kutha. Pafoni yako kasipikako kamadya mawu onse apansi, umangomva kamwamba. Pano besi imadutsa m'miyendo ya mpando.

Ndipo usamaone ngati ndi zachizungu zokhazokha zosatikhudza. Ukachotsa Yazoo n'kuika Brenda and the Big Dudes, Weekend Special ija ya 1983, umamva kuti ma kiyibodi ndi a nthawi imodzi, kungoti a ku Joni anathiramo kavinidwe kakwathu kuno. Yvonne Chaka Chaka chimodzimodzi. Amayi ako alipo pagulu lathu la pafoni lino, akuuze okha mmene ankavinira zimenezi pa maukwati. Alongo, ndikunama?

Tsono za m'katonimo. Zambiri ndi za rock, zimene ndinagula kwa anthu obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare. Uona zikuto za amuna a tsitsi lofika m'mapewa ndi mathalauza otambasuka kumiyendo. Dziwa kuti nthawi ya Kamuzu mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lotero, ngakhale mathalauza amenewo anali oletsedwa, ndiye ife zikutozo tinkangoziyang'ana n'kumasirira. Koma chuma chenicheni chili pansi pa katoni, mbale za ku Zambia zimene malemu agogo ako aamuna ang'ono anabwera nazo kuchokera ku migodi. Muli WITCH, gulu la Jagari Chanda, chimbale cha Lazy Bones cha 1975. Muli Amanaz. Muli Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene nyimbo zina ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi, gitala ikuchita kukalipa. Mbale zimenezo zinkadindidwa zochepa, ndipo zambiri zinasweka kapena kutayika. Lero anthu a ku Ulaya ndi ku America akuzisakasaka, mpaka kampani ina ya ku Los Angeles, Now-Again, inazidindanso. WITCH yomweyo inadzukanso, Jagari akuyenda m'maiko kukaimba ali wachikulire. Ndiye munthu akabwera n'kunena kuti ndigula katoni yonse pamtengo umodzi, n'kutheka akudziwa zimene zili pansipo. Sindikumunenera zoipa, malonda ndi malonda. Koma ngakhale atatchula ndalama zingati, ine ndikufuna inu ana mudzamve kuti rock inaimbidwanso m'chilankhulo chanu.

Chonde undichitire izi lero lomwe. Zichotse m'chipinda chimenecho, malata aja amatentha kwambiri, ndipo mbale ikapindika ndi kutentha siwongokanso bwino. Usazisanjikize chogona, uziimike chilili ngati mabuku pa shelefu. Pogwira uzigwira m'mphepete ndi pakati pomwe pali pepala, zala zisakhudze mizere. Usapukute ndi sipiriti, parafini kapena sopo wochapira, fumbi lisiye, ndidzatsuka ndekha. Zikuto, ngakhale zadyedwa ndi mphemvu kapena chiswe, usataye, ndi momwe muli mayina a oimba ndi chaka. Uzijambule chimodzichimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, uponye pagulu pano kuti ndidziwe zimene zapulumuka.

Ukamabwera ku Lilongwe mwezi wamawa, katoniyo isalowe m'buti ya basi pamodzi ndi matumba a chimanga, uinyamule pamiyendo. Ya mpando wina ngati akakulipiritsa ndikubwezera. Ndipo ubwere ndi mng'ono wako uja woimba kiyibodi kutchalitchi, ndikufuna ndimuikire Yazoo ndione nkhope yake.