Mbuzi, mbusi, imbuzi: yankho kwa adzukulu a ku Kawale

Adzukulu anga, mwafunsa kuti popeza mbuzi pa Chiswahili ndi mbuzi ndithu, kodi Chichewa chinabadwa ku Chiswahili? Mukufunanso kudziwa momwe mungafunsire akuluakulu za mawu akale popanda kuwakhumudwitsa. Ayi, Chiswahili si mayi wa Chichewa. Ziwirizi zinayamwa bere limodzi, chiyankhulo chamakedzana chomwe palibe anachilemba, cha anthu omwe ankakhala cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Banja lonse la ziyankhulozi katswiri wa ziyankhulo Wilhelm Bleek analitcha Bantu.

Liwu limodzi lofanana silitha mlandu. Chofuna inu ndi kusintha komwe kukubwerezabwereza. Pamene ife tili ndi z kapena dz, Myao amaika s: mbuzi ndi mbusi, madzi ndi mesi. Munthu pa Chiyao ndi mundu, pa Chizulu umuntu, pa Chiswahili mtu. Tsono achulukitseni anthuwo mumve bwino. Mzulu amati abantu, Mtumbuka ŵanthu, Myao ŵandu, Mswahili watu, ife anthu. B wakale uja wa mu abantu anafewa n'kukhala ŵ, ndipo kwa ambiri a ife anagweratu m'njira. N'chifukwa chake ŵana a Chitumbuka kwathu kuno ndi ana. Choncho gogo wa ku Kasungu akati ŵanthu, musamagwirane pakamwa kuseka. Iyeyo wasunga chomwe inu munataya.

Msampha waukulu ndi mawu obwereka. Nsapato, kalata ndi mbatata ndi mawu a Chipwitikizi. Nduna anabwera nayo Angoni, omwe ena mwa iwo anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba. Mzikiti unachokera ku Chiarabu kudzera ku Chiswahili. Mawu oterewa amangokuuzani amene anakumana pa malonda, pa nkhondo kapena pa chipembedzo, osati amene ali pachibale. Achotseni pa mndandanda wanu wa mawu oyerekeza, pamodzi ndi sukulu ndi tebulo zomwe.

Konzani mawu 100 omwe sabwerekedwa wamba: ziwalo za thupi, kuwerenga kuyambira chimodzi mpaka zisanu, moto, madzi, dzuwa, kudya, kugona, kufa. M'mudzi uliwonse, kaya ndi ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Kasiya, funsani okalamba osachepera atatu omwe anabadwira momwemo. Mmodzi sakwanira, chifukwa mwina ali ndi kalankhulidwe kakekake, mwinanso mano anatha ndipo s ndi f mukuzimva ngati chimodzi. Lembani mudzi, tsiku, msinkhu wawo, ndi kumene mayi awo anachokera, poti mwana amayamba ndi mawu a pamsana.

Yambirani kwa a mfumu. Pakhomo muchite odi, mukhale pansi, mulonjerane mokwanira, atsikana chitenje m'chiuno. Foni isatuluke m'thumba musanapemphe, ndipo muwauze kumene mawu awo akupita. Koma kujambulako n'kofunika, chifukwa cholembera sichigwira kukweza ndi kutsitsa kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa.

Apa ndi pamene ambiri mumalakwa. Mumafunsa kuti, "Agogo, ichi si chipande?" Iwo mwaulemu amangoti, "Eya, n'chomwecho mdzukulu wanga," ngakhale kwawoko ali ndi dzina lina. Mwalemba liwu lanu lomwe, ulendo wapita pachabe. Nyamulani chinthucho kapena chilozeni, n'kufunsa kuti, "Ichi kuno mumati chiyani?" Mukatero khalani chete. Akatchula zomwe simunamvepo, musawakonze ndi Chichewa cha m'kalasi. Chimenecho chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, pomwe iwo anali akuyankhula kale.

Za kudambwe ndi za kutsimba zisiyeni. Mawu ake alipo ndipo ndi akale, koma ali ndi eni ake, ndipo wosavinidwa akawafunsa pagulu amatsekeredwa pakhomo ndi mudzi wonse.

Mukafuna kuyerekeza zomwe mwatola ndi Chichewa chakale cholembedwa, chilipo. Mmishonale wa ku Jeremani Johannes Rebmann anatola mawu pafupi ndi Mombasa kwa Salimini, munthu wa kuno ku chigawo chapakati yemwe anatengedwa ukapolo, ndipo mawuwo anasindikizidwa mu 1877. Powerenga musamale, chifukwa Rebmann ankamva ndi khutu la Chijeremani, ndipo malo ena analemba b ndi d pamene ife timalemba p ndi t.