Kupikula maluwa a protea ku Joni: yankho kwa amene akufuna kuyamba

Mayi, mwafunsa ngati mungamapikule maluwa a protea ku South Africa n'kumagulitsa kwa okongoletsa maukwati ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zimatheka, koma katundu ameneyu amafera m'njira mukamusamala mwa zovala.

Ambiri amalimidwa ku Western Cape, komabe simukufunika kukafika kumeneko. Pa msika wa Multiflora ku City Deep, mu Johannesburg, mupezako king protea, duwa la dziko la South Africa, lalikulu ngati mbale yodyera nsima. Iliponso mitundu ina, Pink Ice ndi pincushion. Lawirirani m'mamawa. Sankhani ongoyamba kumasula, a masamba obiriwira opanda madontho. Omasuliratu amakopa maso pamsika, koma masiku awo atha kale.

Musanagule, yambani mwatenga chilolezo cholowetsera zomera m'dziko kuchokera ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Ku South Africa mukatenge phytosanitary certificate, chikalata chotsimikiza kuti maluwawo alibe matenda kapena tizilombo. Popanda ziwirizi katundu akhoza kulandidwa pachipata. Msonkho wa MRA uwerengereni pamtengo, ndipo musadalire ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, chifukwa South Africa sili m'bungwelo.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuda kwa masamba. Duwa la protea limapitiriza kutulutsa timadzi totsekemera ngakhale litadulidwa, ndipo shuga wake limakoka m'masamba. Likakhala pamdima ndi potentha, masamba amayamba kuda pakangopita masiku ochepa. Ndiye taganizani katoni ili pansi pa basi, kudikira pa Beitbridge, kenako Nyamapanda, n'kudzadutsa dzuwa la ku Tete isanafike pa Mwanza. Maluwa aawisi akwere ndege basi. Kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni kufika ku Chileka kapena ku Kamuzu sipakwana maola atatu.

Polongedza, agonekeni mitu kuyang'ana uku ndi uku, pepala pakati, opanda madzi, m'katoni yamabowo. Pincushion isagwedezeke, mutu wake suchedwa kuthothoka. Asungeni pa madigiri 2 mpaka 5. Akafika, dulani masentimita awiri kunsi kwa tsinde, yoyolani masamba amene angamire, muwaike m'madzi oyera pamalo owala koma osati padzuwa. Amamwa kwambiri, choncho ndowa muziiyang'ana tsiku lililonse.

Ngati mpamba ndi wochepa, yambani ndi ouma. Amenewo ulendo wa pa basi suwavuta, ndipo aawisi otsala mukhoza kuumitsa nokha powapachika chozondoka pamthunzi podutsa mphepo kwa milungu itatu.

Mbande zam'machubu ndi nkhani ina, chifukwa dothi silidutsa pachipata mwachisawawa. Wogula akapeza mbande, muuzeni asathire feteleza amene timaokera chimanga. Feteleza ameneyu ali ndi phosphorus, ndipo phosphorus wambiri amapha protea. Imafuna dothi la asidi, losasunga madzi.