Funsani Tiyankhe: Mahedifoni opanda waya a makina ofufuzira zitsulo

FUNSO: Akonzi, ndine mmodzi wa anthu amene timakumba golide pagulu lathu kuno ku Balaka, ndipo chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni ananditumizira makina ofufuzira zitsulo a Minelab Gold Monster 1000. Makinawa ankagwira bwino ntchito, koma waya wa mahedifoni ananditopetsa chifukwa amakodwa m'zitsamba, ndipo waduka kale kawiri. Ndinagula mahedifoni a Bluetooth, omwewa timamvera nyimbo pafoni, pamodzi ndi kachipangizo kotumiza mawu kolumikiza ku makina, koma chiyambireni kuwagwiritsa ntchito ndikumakumba pambali pa chinthu chimene makina alirira. Anzanga akuti makinawo afa. Kodi vuto lili pati, nanga ndigule mahedifoni otani? Wowerenga wa ku Balaka.

YANKHO: Bambo, makina anu sanafe, ndipo musalole munthu aliyense kuti awatsegule ndi cholinga chowakonza. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mawu akuchedwa kufika m'makutu mwanu, ndipo kuchedwako kukuchokera ku mahedifoni ndi kachipangizo kamene munagula.

Koyilo, chimbale chija chimene chimayenda pamwamba pa nthaka, ikangodutsa pa chitsulo makina amalira nthawi yomweyo, ndipo ngati kulirako kukudzera pa waya kumafika m'khutu popanda kuchedwa kumene munthu angakuzindikire. Bluetooth wamba amayamba wapanikiza mawuwo ndi kuwagawa m'tizidutswa, kenako amawatumiza pamphepo, ndipo mahedifoni akawalandira amawasunga kaye pang'ono asanawatulutse, pofuna kuti nyimbo isamadukeduke. Zonsezi kawirikawiri zimatenga mamilisekandi opitirira 150, ndipo kufika 200 si zachilendo. Milisekandi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekandi. Pomvera nyimbo palibe amene angadandaule ndi kuchedwa kotere, chifukwa woimbayo simukumuona. Pofufuza zitsulo nkhani yake ndi ina, pakuti dzanja lanu likuyenda.

Tiwerengere limodzi. Ngati mukuyendetsa koyilo pa liwiro la mita imodzi pa sekandi, mamilisekandi 200 akamatha koyiloyo imakhala itapitirira ndi masentimita 20, womwe ndi utali wa chikhatho chotambasula kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono. Mukamapita kumanja makina amalirira kumanja kwa chinthucho, ndipo mukamabwerera kumanzere amalirira kumanzere kwake, moti kanthu kamodzi kamamveka ngati tinthu tiwiri totalikirana masentimita 40, pamene iko kali duu pakati pomwe simunakumbe. Koyilo yaing'ono ya Gold Monster 1000 ndi ya mainchesi 5, kapena kuti masentimita pafupifupi 13, kutanthauza kuti kuchedwaku kukuposa kukula kwa koyilo yonseyo. Makina amenewa anawapangira kusaka tinjere ta golide tochepa ngati mpunga, choncho kuphonya ndi chikhatho chathunthu kumakusiyani ndi maenje ambiri komanso msana wopweteka.

Makina anuwa alibe wailesi yotumizira mawu m'kati mwake. Ali ndi bowo la mahedifoni la mamilimita 3.5, lofanana ndi la pafoni, ndiye chifukwa chake pamafunika kachipangizo kotumiza mawu. Chofunika n'chakuti kachipangizoko ndi mahedifoniwo, zonse ziwiri, zikhale za mtundu wosachedwetsa mawu. Pa zipangizo za Bluetooth, mawu oti muwayang'ane pabokosi ndi akuti aptX Low Latency, luso la kampani ya Qualcomm limene limatsitsa kuchedwa kufika pa mamilisekandi pafupifupi 40, omwe pa liwiro lija ndi masentimita 4 okha. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa palinso aptX wamba, aptX HD ndi aptX Adaptive, ndipo ngakhale mayinawa akufanana, si chinthu chimodzi. Mbali imodzi ikakhala ndi Low Latency koma inzake ilibe, zipangizozo zimalumikizana bwinobwino ndipo mawu amamveka, koma zimagwiritsa ntchito njira ina yochedwa popanda kukuchenjezani. Nambala ya Bluetooth, kaya ndi 5.0 kaya 5.3, siikuuzani chilichonse pa za kuchedwa, ndipo mtengo nawonso si umboni: ma AirPods a kampani ya Apple, ngakhale ndi okwera mtengo, alibe aptX wa mtundu uliwonse.

Njira imene ife tingaisankhe, ndalama zikalola, ndi zipangizo zimene anazipangira ntchito yofufuza zitsulo yeniyeniyo. Kampani ya Garrett ya ku Texas, m'dziko la America, ili ndi njira yotchedwa Z-Lynk, imene kuchedwa kwake ndi mamilisekandi 17, osafika ndi masentimita 2 omwe. Kachipangizo kake kotumiza mawu, ka WT-1, kamamangiriridwa pa ndodo ya makina a kampani ina iliyonse okhala ndi bowo la mahedifoni, ndipo kamalumikizana ndi mahedifoni a MS-3. Chingwe chake chili ndi pini yaikulu ya mamilimita 6.35, choncho pa makina anu mudzafunika adaputa yochepetsera, ndipo muimange ndi tepi kuti isamagwedere, chifukwa adaputa yogwedera imabweretsa phokoso lothetheka limene mungaliyese golide. Palinso kachipangizo kolandira mawu ka WR-1, kamene mumakakoleka palamba kapena pathumba la malaya n'kulowetsapo mahedifoni a waya amene muli nawo kale, podzera pa adaputa ngati pini yake ndi yaing'ono. Mukatero waya amangochoka pachifuwa kufika kumakutu, osafikanso ku makina, ndipo chitsamba sichimupeza.

Owerenga ena amene ali ndi makina a mitundu ina ayambe afufuza kaye chimene chili m'kati mwa makina awo asanapite kusitolo, pakuti zipangizo za makampani osiyana sizigwirizana nthawi zonse. Minelab Equinox 600 ndi 800, amene anatuluka mu 2018, komanso Vanquish 540, GPX 6000 ndi Nokta Legend, ali ndi Bluetooth wa aptX Low Latency m'kati mwawo, ndipo amalandira mahedifoni a kampani iliyonse okhala ndi luso limeneli. Pa Equinox 600 ndi 800, kachizindikiro ka + kakaoneka pambali pa chizindikiro cha Bluetooth pasikirini, ndiye kuti mwalumikizadi pa njira yosachedwa. Koma Equinox 700 ndi 900, ngakhale dzina ndi lomwelo, anasintha, ndipo iwo pamodzi ndi Manticore amafuna mahedifoni a Minelab yomweyo monga ML 85 ndi ML 105. Makina a Garrett AT Max ndi ACE Apex ali ndi Z-Lynk kale, pamene XP Deus a ku France ali ndi wailesi yawoyawo ndi mahedifoni awoawo. Munthu wotumiza ndalama kwa mbale wake ku Johannesburg kapena ku London kuti amugulire mahedifoni atumizenso dzina lonse la makina ndi nambala yake, chifukwa kubweza katundu wolakwika kuchokera kuno n'kovuta kwambiri.

Musanalipire, kapena katundu akangofika, yesani motere. Pezani malo a dothi kutali ndi malata, mpanda wa waya ndi simenti yokhala ndi zitsulo, zimitsani foni kapena muisiye patali, ndipo ikani kobiri la K10 pansi. Zulani mahedifoni kuti makina azilira pa sipika yake, yendetsani koyilo pa liwiro limene mumagwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo onani kuti akulira koyilo ili pamwamba penipeni pa kobirilo. Kenako lumikizani mahedifoni opanda waya, bwerezani chimodzimodzi, ndipo mnzanu aziika kamtengo pamene pali pakati pa koyilo nthawi imene mwamva kulira, popita ndi pobwerera. Timitengo tiwirito tikatalikirana kuposa chikhatho chofumbata, mahedifoniwo ndi omvera nyimbo basi, kaya pabokosi alembapo zotani.

Nkhani ya kuchedwa ikatha, zotsalazo zimadalira malo amene mukugwirako ntchito. Ku Balaka m'mwezi wa Okutobala, mahedifoni aakulu ophimba khutu lonse amatentha ndipo thukuta limawononga msanga tizikopa take, choncho ndi bwino kusankha amene tizikopato timachotseka n'kugula tina. Ubwino wa ophimba khutu lonsewo ndi wakuti amatchinga mphepo, ndipo kulira kwa kanjere kakuya, komwe kumakhala kwapansipansi, kumamveka. Komabe sitikulimbikitsa mahedifoni amene amazimitsiratu phokoso lonse lakunja. Munthu woyenda m'tchire maso ali pansi afunika kumva mphiri ikamafwenthera, njuchi zikamabwera, kapena mnzake akamakuwa kuti dzenje likugumuka, ndipo ofufuza ena amasiya khutu limodzi losaphimba pa chifukwa chomwechi. Onetsetsaninso kuti ali ndi potsitsira ndi pokwezera mawu, chifukwa mukakweza kuti mumve tinjere tating'ono kenako koyilo n'kudutsa pa khasu lakale lokwiririka, kulira kwake kumabaya m'khutu.

Za batire muziganizire monga munthu wokhala kutali ndi magetsi. Tsopano mudzakhala ndi zinthu zitatu zofuna moto, makina, kachipangizo kotumiza mawu ndi mahedifoni, ndipo chimodzi chikazima ntchito yaima. Sankhani zotchajira pa USB kuti power bank kapena sola yaing'ono izikwanira, ndipo batire lake lizitha tsiku lathunthu la ntchito. Mahedifoni a waya aja musawataye. Akonzetseni n'kuwasunga m'chikwama, ndipo podikira kuti mugule oyenera, pititsani wayayo m'kati mwa malaya kuti atulukire pamkono wogwira makina, popeza akatero sakodwanso wamba m'zitsamba.

FUNSO: Ndimafufuza mphete ndi ndalama zimene alendo amataya m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, ndipo makina anga ndi Equinox 800. Ndikalowa m'madzi ofika m'chiuno mawu amaduka m'mahedifoni, koma ndikatuluka amabwereranso. Kodi alipo mahedifoni opanda waya amene angagwire ntchito pansi pa madzi? Wowerenga wa ku Salima.

YANKHO: Mahedifoni anu alibe vuto, ndipo kugula ena okwera mtengo sikungasinthe kanthu. Bluetooth amayenda pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo mafunde amenewa madzi amawameza pa mtunda waufupi kwambiri, moti bokosi la makina likangomira, ngakhale ndi masentimita ochepa, kulumikizana kumatha. Mukamayenda m'madzi osaya, koyilo yokha ili pansi koma bokosi lili pamwamba, opanda waya amagwira ntchito bwinobwino. Mukafuna kulowa mozama, Equinox 800 anapangidwa kuti azimira mpaka mamita 3, koma mufunika mahedifoni a waya osalowa madzi, okhala ndi pini yomangira ngati bawuti imene imatseka bowo la makina kuti madzi asalowe. Dziwaninso kuti mahedifoni a ML 80 amene amabwera ndi makinawa sanapangidwe kuti azinyowa, ndipo funde limodzi la mwera likawamenya akhoza kuwonongeka. Mukabwerako kunyanja tsukani pabowopo ndi madzi oyera kuti mchenga uchoke, ndipo muyembekeze kuti paume musanalumikize mahedifoni ena.